Alonda a Nsomba Amene Sitinawathokoze

Ife a kuno ku Nkando tili kutali ndi nyanja. Madzi amene tinakula tikuwadziwa ndi a mtsinje wa Thuchila ndi a timitsinje totsika m'phiri la Mulanje, ndipo ambiri mwa ana amene timawaphunzitsa ku madrasa sanaonepo bwato likukocheza padoko. Komabe sabata siitha nsomba isanalowe mumphika m'makomo mwathu. Matemba ndi milamba yowamba zimatipeza kuchokera ku Chilwa, atazinyamula amalonda odzera ku Phalombe. Usipa ndi utaka zimachokera kwa inu abale athu a ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Choncho tikulemba nkhaniyi ngati anthu akudya, osati ngati akatswiri a nkhafi, ndipo pamene tiphonye dzina la khoka mutikonze. Koma wakudya naye ali ndi ngongole yake. Ngongole yathu ili kwa anthu amene kwa zaka zoposa 70 akhala akuimirira pamadoko kuletsa anzawo kupha nsomba pa nthawi yolakwika ndi zida zolakwika, popanda malipiro, ndipo kawirikawiri popanda ngakhale wowauza kuti zikomo.

Tiyambire pafupi ndi kwathu, pakuti pali chinthu chodabwitsa. Zina mwa nsomba zoyambirira kutetezedwa mosamalitsa m'dera lino sizinali nsomba zathu konse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, azungu a m'nthawi ya Nyasaland anabweretsa nsomba yotchedwa trout, yokonda madzi ozizira kwambiri, naithira m'mitsinje ya pamwamba pa phiri la Zomba. Pambuyo pake inafikanso ku Mulanje ndi ku Nyika, ndipo m'madamu ena a m'minda ya tiyi anaikamo nsomba inanso yachilendo, black bass. Sanazibweretsere njala. Zinali za kupumitsa mutu Loweruka ndi Lamlungu, munthu ataima m'mphepete mwa Mulunguzi ndi ndodo yake ya mbedza. Koma taonani mmene anazisamalirira. Wowedza ankayenera kukhala ndi chiphaso, inalipo nyengo yoletsa kuwedza, ndipo nsomba yaing'ono inkabwezedwa m'madzi. Odzipereka pa ntchitoyi ankadziwana mayina, ankalembana m'malipoti ndi m'manyuzipepala awo, ankathokozana.

Sitikunena izi mowanyoza. Anadziwa chinthu choona, chakuti wotenga m'madzi ayenera kusiyamo mbewu. Koma trout sinafike m'mbale ya wothyola tiyi, ndipo makolo athu a m'masiku a thangata analibe gawo pa masewera amenewo. Nsomba ya masewera inapeza olemba mbiri yake, pamene nsomba ya chakudya, imene miyoyo ya anthu miyandamiyanda yatsamirapo, alonda ake ambiri anapita kumanda mayina awo osalembedwa paliponse.

Kunyanja, Boma la atsamunda linayamba kuchita mantha m'zaka za m'ma 1930, pamene amalonda achigiriki a banja la Yiannakis anayamba kupha chambo ndi makoka aakulu kumwera kwa nyanja, kufupi ndi Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi. Mu 1939 kunabwera akatswiri atatu, Bertram, Borley ndi Ethelwynn Trewavas, kudzafufuza za nsomba za m'nyanjayi. Rosemary Lowe anawatsatira pakati pa 1945 ndi 1947, nafufuza makamaka za moyo wa chambo. Lamulo la usodzi linatuluka mu 1949, ndipo titalandira ufulu, Nthambi ya za Usodzi inakhazikitsidwa mu 1971, lamulo latsopano n'kubwera mu 1973. Zonsezi zinamangidwa pa ganizo limodzi, lakuti wodziwa ndi Boma, wolondera ndi Boma, ndipo msodzi ndi munthu wofunika kumuyang'anira. Koma nyanja yotalika makilomita oposa 500 siilonderedwa ndi alangizi owerengeka okhala ndi boti limodzi, nthawi zina lopanda mafuta.

Pamene malamulowa ankalembedwa ku Zomba, ku Salima kunkachitika china chimene panthawiyo Boma silinachione ngati nkhani. Pali chilumba chaching'ono cha miyala chotchedwa Mbenji, choyang'anizana ndi doko la Chikombe, m'dera la mfumu Makanjira ya ku Salima (osasokoneza ndi Makanjira wa kutsidya, kum'mawa kwa Mangochi). M'zaka za m'ma 1950 asodzi ochokera ku Likoma anapempha chilolezo kwa mfumu kuti azipha utaka kuzungulira chilumbachi. Mfumu inavomera, koma inaika malire. Usodzi wa pa Mbenji unayenera kumatsekedwa nyengo ya dzinja, ndipo mpaka lero umatsekedwa mu Disembala n'kudzatsegulidwa mu Epulo pa mwambo umene anthu amasonkhana kuchokera kutali. Pachiyambi zifukwa zake zinali za umoyo wa anthu eni: nyengo ya mvula nyanja imaopsa, ndipo munthu ayenera kubwerera kumunda kukalima chakudya cha ana ake. Koma miyezi yomweyo ndi imenenso nsomba zambiri zimaswana, ndipo asodzi anaona ndi maso awo kuti madzi opumitsidwa amabweza zochuluka.

Malamulo ena a pa Mbenji, Msilamu akawamva amangogwedeza mutu movomereza. Mowa suloledwa pachilumbapo, chamba sichiloledwa, juga siiloledwa. Wophwanya lamulo amazengedwa mlandu, amalipa, ndipo wokanika amathamangitsidwa. Amayi saloledwa kukwera pachilumbachi, ngakhale kuti ntchito yaikulu yoyanika, kuwamba ndi kugulitsa nsombazo kumtunda ili m'manja mwawo. M'kupita kwa zaka, pamene zida zatsopano zinkabwera, anawonjezera zoletsa zina, monga kupha nsomba ndi nyali usiku ndi kugwiritsa ntchito maukonde a maso aang'ono. Tiyenera kunenanso poyera kuti m'mwambo wa pa Mbenji muli zina zokhudza nsembe ndi mizimu ya makolo, zimene ife ophunzitsa Tauhid sitingazivomereze, ndipo sitibisa. Koma kusavomereza mbali imeneyo sikutipatsa ufulu wokana choonadi cha mbali inayo. Komiti ya pa Mbenji, anthu wamba osankhidwa kuthandiza mfumu, yasunga lamulo limodzi kudutsa m'nthawi ya atsamunda, ya chipani chimodzi ndi ya zipani zambiri. Akatswiri a ku Mzuzu University ndi a ku University of Strathclyde ya ku Scotland atafufuza m'zaka zaposachedwapa, anapeza kuti nsomba zophedwa pa Mbenji n'zokulirapo kuposa zophedwa m'madzi oyandikana nawo, amene amayendera malamulo a Boma okha. Dzina la mfumu likudziwika, ndipo n'koyenera. Koma amene ankapalasa bwato m'mwezi wa Januwale kukaona ngati wina wazemba kukaponya ukonde, m'badwo ndi m'badwo, ndani angawatchule?

Nkhani ya ku Malombe ndi yowawa, ndipo ambiri a inu munaiona ndi maso. Mu 1982 nyanja yaing'onoyi inatulutsa chambo choposa matani 8,000. Patangotha zaka khumi, chinali chitatsika kufika pa matani mazana ochepa chabe. Chifukwa chake sichinali chinsinsi. Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga pansi pa madzi, chachikazi chimasunga mazira ndi tiana mkamwa, ndipo kasawala amakulira m'malo osaya, m'zitsamba za m'madzi, kwa zaka zingapo asanayambe kuswa. Khoka lokokedwa pansi limafafaniza zisa, limazula zitsamba, ndipo likakhala la maso aang'ono limakokolola mayi pamodzi ndi ana. Chambo chitachepa, asodzi anatembenukira kwa kambuzi ndi nkacha, ndipo nkacha inapitiriza kusesa pansi pomwepo.

Apa ndi pamene Boma linavomereza kuti lokha silingathe. Mu 1993 Nthambi ya za Usodzi, mothandizidwa ndi mabungwe akunja monga GTZ ya ku Germany, inayambitsa ndondomeko yoyendetsera usodzi pamodzi ndi anthu ku Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire. Ndi pamenepo panabadwira makomiti a pamadoko amene tonse timangowatchula kuti ma BVC. Ganizo linali labwino, koma tisaname, silinayende monga anayembekezera. Makomiti ena anadzaza ndi anthu amene sanali eni zida kapena alovi, kotero kuti mawu awo sankalemera pamaso pa asodzi. Ena anazolowera ndalama za pamisonkhano, ndipo thandizo lakunja litachepa, changu chinachepanso. Kwinanso komiti inkalimbirana ulamuliro ndi mfumu ya pamudzi, imene inazolowera kulandira nsomba ya ulemu kuchokera kwa mwini khoka aliyense. Chambo cha ku Malombe sichinabwerere mwakale. Komabe m'makomiti omwewo munali amuna ndi amayi amene anapitiriza ntchito ndalama zitatha, ndipo za iwowa tiyenera kulingalira bwino. Mlangizi wa Boma akalanda ukonde, madzulo amabwerera kwawo. Wa BVC akalanda ukonde, mwini wake ndi mlamu wake, kapena amalume ake, kapena munthu amene mawa adzaima naye phewa ndi phewa pa Swala ya Fajr. Akamwalira mwana wake, anthu omwewo ndi amene adzakumbe manda. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansi wotsina khutu sakondedwa tsiku lomwe watsinalo.

Ku Chiuta, m'boma la Machinga, zinayenda mosiyana, ndipo kusiyana kwake n'kophunzitsa. Kumeneko sikunafike galimoto ya bungwe kudzasankhitsa komiti. Asodzi a nkacha ochokera ku Malombe ndi kwina atadzaza nyanjayo, eni dera, amene ankapha nsomba ndi mono, mbedza ndi maukonde otchera, anaona madzi akuvunduka, zida zawo zikuwonongeka, nsomba zikuchepa. Anaonanso kuti mafumu ena akhala chete chifukwa cha mphatso za alendowo. Atamva za makomiti a ku Malombe, mwa zina kudzera pa pulogalamu ya Usodzi wa Lero ya pa wailesi ya MBC, anapanga awoawo, ndipo mu 1995 anathamangitsa asodzi a nkacha mazanamazana. Nkhondo sinathere pomwepo, chifukwa Chiuta ndi nyanja ya maiko awiri, ndipo ena mwa othamangitsidwawo anangowolokera mbali ya Mozambique n'kupitiriza. Koma makomiti a ku Chiuta anaima nthawi yaitali popanda wowalipira, chifukwa lamulo limene ankalilondera linali lawo, lobadwa m'kuwawidwa kwawo.

Chaka chomwecho cha 1995 nyanja ya Chilwa inaphwa, monga inachitiranso mu 1968. Iyi ndiyo nkhani yotikhudza ife kwambiri, pakuti mitsinje ya Phalombe ndi Sombani, imene imathira m'Chilwa, imachokera m'phiri lomweli limene timaliona tikatuluka mumzikiti, ndipo panthawiyo Phalombe anali akadali mbali ya boma la Mulanje. Nyanja ikauma, matemba, makumba ndi milamba yotsala imathawira m'maiwe a m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mbewu yonse ya nyanja imakhala m'timadziwe timene munthu mmodzi wokhala ndi katupe angatiphe tonse m'mawa umodzi. Ndipo chinali chaka cha njala. Mafumu ndi anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa mitsinjeyi, mogwirizana ndi alangizi a usodzi, anapanga makomiti olondera maiwewo, naletsa katupe ndi makoka. Ganizirani munthu amene ana ake agona ndi njala, nsomba zikuoneka ndi maso m'madzi ofika m'mawondo, iye n'kumauza mnzake kuti azisiye. Mvula itabwerera, nyanja inadzaza, nsomba zinatsika m'mitsinje n'kuswana, ndipo patapita zaka zochepa matemba anabwereranso pamsika wa Nkando. Ife tinagula, tinadya, ndipo sitinafunse kuti anasunga mbewu ndani.

Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la kasamalidwe ka usodzi, limene kwa nthawi yoyamba linapereka malo kwa anthu a m'midzi pa kayendetsedwe ka nsomba. Kuyambira m'zaka za m'ma 2010 bungwe la Ripple Africa linayamba kuthandiza makomiti odzipereka ku Nkhata Bay, ntchito imene inafalikira ku Nkhotakota, ku Salima ndi kupitirira, ndipo m'makomiti amenewa amayi ali ndi mipando yawo. Adani nawonso asintha. Lero ndi maukonde a ulusi umodzi woonekera, amene akatayika m'madzi amapitiriza kupha okha, ndiponso masikito amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo koma akusefa tiana ta nsomba m'mphepete mwa nyanja.

Ife Asilamu nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife, kungoti sitinazolowere kuiwerenga ndi maso a padoko. Mu Surah Al-A'raf, kuyambira ndime 163, Allah (Subhanahu wa Ta'ala) akutikumbutsa za mudzi wa m'mphepete mwa nyanja umene anthu ake analetsedwa kupha nsomba tsiku la Sabata. Mayeso awo anali akuti nsomba zinkabwera poyera pa tsiku loletsedwalo, masiku enawo n'kusowa. Omasulira Qur'an amalongosola kuti ena anapeza njira yozembera: kutchera tsiku loti mawa ndi Sabata, n'kudzavuula Sabata litapita. Mudziwo unagawika patatu. Panali ophwanya, panali owaletsa, ndipo panali gulu lachitatu limene silinaphwanye koma linkafunsa oletsawo kuti akudzivutitsiranji ndi anthu osamva. Chilango chitafika, amene Qur'an ikuwatchula momveka kuti anapulumutsidwa ndi oletsa aja. Lamulo la Sabata linali la Allah ndipo la nyengo yotseka nyanja ndi la anthu, sitikuziyesa chimodzi. Koma mitima itatu ija ilipo pa doko lililonse mwezi wa Novembala ukafika, ndipo ambiri a ife, ogula ndi ophunzitsa omwe, takhala nthawi yaitali m'gulu lachitatu.

Fiqh yathu ilinso ndi dzina la malo opumitsidwa chifukwa cha ubwino wa onse: hima. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anapatula dera la An-Naqi', kufupi ndi Madina, kuti likhale msipu wotetezedwa. Khalifa Umar ibn Al-Khattab (Allah asangalale naye) anapatula Ar-Rabadha, ndipo pa hima anaikapo mlonda, munthu wamba wotchedwa Hunayy. Anamulangiza kuti akhale wofatsa kwa anthu, aope duwa ya woponderezedwa, alole mwini ziweto zochepa kulowa, koma asamale ndi ziweto za olemera, pakuti wolemera zikamufera ali ndi minda yothawirako, pamene wosauka adzabwera ndi ana ake kudzalira pakhomo la Khalifa. M'malangizo amenewa muli phunziro kwa makomiti athu, amene nthawi zina amalimba mtima polanda chisikito cha mayi wamasiye koma n'kuyang'ana kumbali boti lalikulu la munthu wachuma likamakoka pafupi ndi gombe. Mulinso china chimene chimatigwira mtima. Patha zaka pafupifupi 1,400, ndipo dzina la mlonda wa msipu uja tikulidziwabe, chifukwa osunga hadith analiona kuti n'loyenera kusungidwa. Ife talephera kusunga mayina a anthu amene analondera maiwe a Phalombe mu 1995.

Abale athu a ku Pemba, ku Zanzibar, anaonetsa zimene mzikiti ungathe. Kuzungulira chilumba cha Misali asodzi ena ankaphulitsa mabomba m'madzi, ndipo zoletsa za Boma sizinkamveka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Chisilamu la IFEES, lotsogozedwa ndi Fazlun Khalid, linagwira ntchito ndi CARE International pamodzi ndi ma Imamu ndi aphunzitsi a madrasa a m'midzi ya asodziwo. Anaphunzitsa kuchokera m'Qur'an za udindo wa munthu monga khalifa pa dziko ndi za kuipa kwa kuononga, ndipo asodzi ambiri amene ankanyozera lamulo la Boma anasiya mabomba atamva kuti nkhaniyi adzakaiyankha pamaso pa Mlengi. Madoko ambiri a ku Mangochi, ku Malombe, ku Chiuta ndi ku Salima ali ndi mzikiti pamtunda pomwepo, ndipo wapampando wa BVC kawirikawiri amakhala pamzere woyamba tsiku la Jumu'ah. N'kangati pamene anamva ntchito yake ikutchulidwa pa mimbari ngati ntchito ya chipembedzo?

Mwina wina adzati wogwira ntchito chifukwa cha Allah safuna kutamandidwa, ndipo kumutchula kungamulowetse m'kudzionetsera. N'zoona kuti iye sayenera kufuna chitamando. Koma chipembedzo chomwecho chinamanga kuthokoza anthu pamodzi ndi kuthokoza Allah, ndipo udindo wothokozawo uli pa ife, osati pa iye. Komanso pa nkhani iyi kuthokoza si maluwa chabe. Munthu amene Sheikh wamutchula poyera kuti akusunga amana ya mudzi, savuta kumuteteza tsiku limene eni makoka amuopseza, ndipo mwana wake sachita manyazi kusukulu akamanenedwa kuti bambo ake ndi olanda maukonde a anthu. Zikho ndi ziphaso zaulemu zoperekedwa ku hotela mumzinda zili ndi malo ake, koma ulemu umene umasunga munthu pa ntchito yotere ndi wa anthu amene amakumana nawo pachitsime ndi pamaliro.

Pali ntchito imodzi imene madrasa angaigwire popanda kupempha ndalama kwa aliyense. Ambiri mwa amene anayambitsa makomiti a ku Malombe mu 1993 ndi a ku Chiuta ndi ku Chilwa mu 1995 tsopano ndi okalamba, ndipo ena anatsogola kale. Ophunzira athu aakulu amadziwa kulemba. Mphunzitsi wa pa doko lililonse atawatuma awiriawiri ndi kope kwa agogo amenewa, kukafunsa kuti komiti yoyamba inali ndi ndani, analanda chiyani, anakumana ndi zotani, ndani anawathandiza ndipo ndani anawapereka, kopelo n'kusungidwa mumzikiti pamodzi ndi kaundula wa maukwati, tikhoza kukhala ndi mbiri imene ofufuza a kunja sangaipeze paokha. Mwezi wotseka nyanja ukafika, mayinawo awerengedwe pambuyo pa Jumu'ah, amoyo apemphereredwe mphamvu, omwalira apemphereredwe chikhululuko. Ife a kumtunda gawo lathu lili pamsika. Kasawala amaphedwa chifukwa alipo womugula, ndipo ena mwa ogulawo ndife, tikamasankha mulu wa tinsomba tating'ono chifukwa ndi wotchipa. Ophunzira athu a kuno ku Nkando tawauza kale kuti tchuthi chikubwerachi, amene ali ndi abale ku Phalombe akafunse za maiwe a 1995, ndipo abwere ndi mayina.